Masewera a kusekondale pofunsira malo kuyunivesite

Funso: Mwana wanga amasewera mpira kusekondale. Kodi zimenezi zingamuthandize pofunsira malo kuyunivesite ku America?

Yankho: Zingamuthandize ndithu, bola ngati akukhozanso bwino m'kalasi, chifukwa osankha ophunzira amayamba ndi kuona magiredi. Pafomu ya Common App, yomwe ndi fomu ya pa intaneti yofunsira malo m'mayunivesite ambiri a ku America, pali malo olembapo zinthu 10 zochita kunja kwa kalasi, ndipo pamenepo asangolemba kuti ankasewera mpira, koma atchule zaka zimene wakhala m'timu, udindo umene anapatsidwa, monga ukaputeni, ndiponso maola amene amathera kokonzekera masewera pa mlungu. Kalata ya mphunzitsi wa timuyo imawonjezeranso mphamvu. Ngati mukuyembekezera thandizo la fizi, dziwani kuti bungwe la NCAA, loyang'anira masewera a m'mayunivesite a ku America, linaika mayunivesite m'magulu atatu: ambiri a m'magulu a Division I ndi II amalipereka kwa osewera aluso, pamene a Division III sapereka thandizo lotere.