Geni ya zipewa za ku mipikisano ya mahatchi

Achemwali, mwafunsa ngati n'zoona kuti mipikisano ya mahatchi ya ku South Africa imayendetsa malonda, komanso kuti munthu wodutsa malire ndi katundu angayambire pati. N'zoona ndithu, koma ndalama yake ili pa zovala. Mpikisano waukulu wa Durban July, womwe unayamba mu 1897, ndi wa mamita 2,200, ndipo mahatchi amaumaliza m'mphindi ziwiri ndi masekondi ochepa. Khamu lonse la oonerera limathera tsiku likuonetsana zovala, kujambulitsa ndi kubetcha. Kasitomala wanu ndi ameneyo.

Yambani ndi kalendala. Durban July imachitika Loweruka loyamba la Julaye ku Greyville. Ku Cape Town kuli mpikisano wa Met, pabwalo la Kenilworth, mu Januwale. Ku Johannesburg kuli Summer Cup ku Turffontein, chakumapeto kwa chaka. Katundu afike kudakali milungu inayi kapena isanu ndi umodzi, chifukwa ogula enieni ndi atelala, okonza masitayilo ndi eni mashopu, ndipo iwo amafuna nthawi yoyeza ndi kusoka. Wofika sabata yomaliza amapeza aliyense atagula kale. Musayembekezenso kukayala malonda pabwalo penipeni: kumeneko amagulitsa okhawo amene alolezedwa ndi okonza mwambowo.

Pamene ambiri amaotchera mpamba ndi apa. Chaka chilichonse Durban July imakhala ndi mutu wake wa kavalidwe, womwe amaulengeza kudakali nthawi. Mukapikula mutu usanatuluke, mungasenze zipewa zofiira pomwe anthu akusaka zagolide. Dikirani kaye, kenako odani. Gawo lalikulu la mpamba liikeni pa mitundu yosatha fasho monga yakuda, yoyera ndi yakirimu, chifukwa zotsala zimadzayenda pa maukwati. Zotsatira mutu wa chakacho tengani zochepa, pakuti Lolemba likangofika palibenso ozifuna.

Nyengo nayonso imasankha katundu. Ku Cape Town mu Januwale kumaomba mphepo yamphamvu, choncho chipewa chachikulu chopanda lasitiki kapena kachipeso kogwirira tsitsi chimauluka. Ku Durban Julaye ndi nyengo yozizira. Masana kumafunda koma dzuwa likalowa mashawelo amayenda. Ku Johannesburg kumapeto kwa chaka kumagwa mvula yamabingu masana. Kanthu kena konyozeka koma kopindulitsa ndi timapulasitiki toveka kunsi kwa nsapato za gogoda kuti zisamire mu kapinga. Sitilemera, sitidya malo m'chikwama.

Zipewa zambiri zimaonongekera m'basi. Zilowetsaneni zofanana kukula, zosapitirira zisanu, ndi pepala lofewa pakati, ndipo chapansi chidzazeni mapepala mkati. Ziikeni m'katoni yolimba, osati m'chikwama, pamwamba pa katundu wina. Chipewa cha sinamay, nsalu youma yolukidwa ndi ulusi wa mtundu wina wa nthochi, chikapindika chimawongoka ndi nthunzi ya ketulo, koma chikathyoka ulusi ndiye basi. Nthenga zizikhala pazokha, zisanyowe.

Paboda nenani katundu yense ndipo malisiti akhale m'manja, olembedwa chiwerengero ndi mtengo wa chinthu chilichonse. Mukachepetsa mtengo, a kasitomu amaika wawo, ndipo mungalipire chindapusa kapena kulandidwa katundu. South Africa imakhometsa msonkho wokwera pa zovala zochokera kunja, kuphatikizanso VAT ya 15 peresenti, ndiye werengerani zimenezi musanaike mtengo. Satifiketi ya SADC yochepetsa msonkho imagwira pa katundu wopangidwa m'mayiko a SADC basi. Chipewa cha ku China sichisanduka cha SADC chifukwa chakuti chadutsira dziko loyandikana nalo. Chenjeraninso ndi nthenga zenizeni ndi zikopa: zimenezi ndi zochokera ku nyama, zingafune chilolezo cha achowona zanyama, ndipo za mbalame zakutchire zina n'zoletsedwa pansi pa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire. Kwa woyamba kumene, nthenga zopanga ndiye zosavuta. Chidindo cha mlendo m'pasipoti nachonso si chilolezo chochitira bizinesi, choncho funsani kaye a imigireshoni za chiphaso choyenera.

Ulendo woyamba musasenze katundu wongoganizira. Pezani atelala awiri kapena atatu, atumizireni zithunzi za zipewa pa WhatsApp zosonyeza muyezo wa mutu m'masentimita, apereke theka la ndalama, kenako mukapikule zomwe aoda n'kuonjezapo zochepa chabe.