Kwa ife, 1998 inafika mu 2001

Sabata yatha achimwene ena anandilembera imelo. Akuti anabadwa mu 2004, magemu amasewera pa foni ndi pa laputopu, ndipo paliponse pa YouTube akumva anthu akuchemerera 1998 kuti ndicho chaka chopambana m'mbiri ya magemu. Akufunsa ngati zili zoona kapena ndi akuluakulu ongolira ubwana wawo, komanso ngati zili zoona, ayambire gemu iti.

Achimwene, funso lanu landikhudza pamtima, chifukwa ineyo mu 1998 ndinali ndisanaionepo PlayStation ndi maso anga. Ndinali Sitandade 7 ku Zomba. Chomwe tinali nacho m'dera lathu lonse chinali kamakina kamodzi kotengera Nintendo wakale uja, kokhala ndi katiriji yachikasu yolembedwa kuti muli magemu 9999. Mukayatsa n'kuyamba kutsika pamndandanda, mumapeza kuti ndi magemu ochepa omwewo akungobwerezedwa: Super Mario Bros., Contra, akasinja aja a Battle City, ndi gemu yowombera abakha ndi kamfuti kapulasitiki. Super Mario Bros. inatuluka mu 1985. Ndiye kuti pamene anzathu ku Tokyo ndi ku London anali mu 1998, ife tinali tikadali mu 1985, ndipo tinkasangalala kwabasi osadziwa kuti kunja kwacha. Wailesi ya kanema ya TVM inayamba kuulutsa mu 1999, choncho TV ya kunyumba ya mnzathu mwini kamakinako inali ya mavidiyo ndi kamakina kameneka basi. Chaka chomwecho cha 1998, mu Ogasiti, kwacha inagwa kwambiri, mitengo ya zinthu inakwera, ndipo panalibe mwana amene akanayerekeza kupempha bambo ake makina a magemu pamene akulingalira za ufa ndi fizi.

PlayStation inalowa m'nyumba mwathu mu Disembala 2001, m'chikwama cha msuweni wanga yemwe ankagwira ntchito ku Johannesburg. Inali yogwiritsidwa kale ntchito, yotuwa, chivindikiro chake chothimbirira. Nthawi imeneyo PlayStation 2 inali itatuluka kale ku Japan kuyambira Malichi 2000, n'chifukwa chake yakaleyo inatsika mtengo mpaka kufika poti msuweni wanga n'kuikwanitsa. Anabwera nayo ndi ma CD okopera, olembedwa mayina ndi cholembera chakuda, ali m'timapepala tapulasitiki: Tekken 3, gemu ya mpira ya Konami, Crash Bandicoot yachitatu, ndi ma CD awiri olembedwa Metal Gear Solid. Memory card analibe. Amene mwakulira pa foni simungamve kuwawa kwake. Popanda kakhadi kameneko palibe kusunga pamene mwafika, ndiye tinkasiya makina ali choyaka usiku wonse, titawaphimba ndi chitenje kuti amayi asaone kagetsi kobiriwira. Magetsi akathima, zonse zapita, kuyambiranso pachiyambi. Chigawo choyamba cha Metal Gear Solid, pamene Snake, munthu amene mumamuyendetsa m'gemumo, amatuluka m'madzi n'kuzembera asilikali kuti akafike pachikepe, ndinachisewera kambirimbiri moti mpaka lero ndikhoza kukujambulirani pamchenga njira imene msilikali aliyense amayenda.

Ndipo pali malo amodzi m'gemu imeneyi amene anatiimitsa masiku atatu. Munthu wina amene mwamupulumutsa amakuuzani kuti nambala ya wailesi yolumikizirana ndi mtsikana wotchedwa Meryl ili kumbuyo kwa chikuto cha CD. Tinafufuza m'zipinda zonse za m'gemumo, tinagogoda makoma onse, osapeza chikuto chilichonse. Sitinadziwe kuti Hideo Kojima, amene anakonza gemuyi, ankanena chikuto chenicheni cha m'manja, chomwe munthu amagula nacho m'sitolo. Ife tinali ndi kapulasitiki kopanda chithunzi. Mng'ono wanga ndiye anati tiyeni tingoyesa manambala onse mmodzimmodzi. Titafika pa 140.15, nkhope ya mtsikana uja inatulukira, ndipo tinakuwa mpaka agogo anatuluka m'chipinda kuti kodi kwagwanji. Nditakula n'kumvetsa chimene chinachitika, ndinazindikira kuti gemuyo inapangidwa moganizira mwana wokhala ndi chikuto m'manja. Ife sinatiganizire, komabe tinadutsa.

Tsono mukandifunsa ngati 1998 inalidi chaka chachikulu, ndikuyankhani mosazengereza kuti inde, ndipo sindilola munthu kunditsutsa ponena kuti ndikungokumbukira ubwana. Ubwana wanga wa 1998 unali wa abakha ndi akasinja. The Legend of Zelda: Ocarina of Time ndinaisewera koyamba ndili wamkulu, ndili pantchito, ndevu zitamera, chifukwa Nintendo 64, makina osewerera gemuyi, sindinaionepo m'nyumba ya munthu aliyense amene ndinkamudziwa. Panalibe chikumbutso chilichonse chondikometsera. Koma Link, mnyamata amene mumamuyendetsa m'gemumo, atatuluka m'nkhalango n'kuona chigwa cha Hyrule chitatambasuka, dzuwa likulowa, ndinaika kontirola pansi n'kungoyang'ana.

Chimene chinachitika chaka chimenecho n'chakuti opanga magemu anali atalimbana ndi 3D kwa zaka zingapo, ndipo mu 1998 ambiri anapeza mayankho nthawi imodzi. Vuto linali losavuta kulinena koma lovuta kulithetsa: munthu akakhala m'dziko loti akhoza kutembenukira kulikonse, amenya bwanji mdani osaphonya, ndipo kamera iyang'ane kuti? A Nintendo anaika batani la Z kuti mukalidina, maso a Link amamatirira pa mdaniyo ndipo inu mumangomuzungulira. Pafupifupi gemu iliyonse ya malupanga imene mukusewera lero ikudyabe za m'munda umenewo. Half-Life, gemu yoyamba ya kampani ya Valve imene Gabe Newell ndi Mike Harrington anaiyambitsa mu 1996 atachoka ku Microsoft, inathetsa vuto lina. Magemu owombera a nthawiyo ankakuponyerani pakati pa adani, nkhani n'kukhala yongowerenga pambali. Half-Life imayamba inu muli m'kasitima kopita kuntchito, mphindi zingapo osawombera kalikonse, mukungoona malo antchitowo, otchedwa Black Mesa, akudutsa. Gordon Freeman, amene mumamuyendetsa, salankhula liwu ndi limodzi lomwe, ndipo gemuyo sikulandani kontirola kuti ikuonetseni kanema. Zonse zimachitika inu muli momwemo. Taonani mwezi wa Novembala wokha: Half-Life pa 19, Zelda pa 21 ku Japan, ndipo pa 27 Sega inatulutsa Dreamcast kumeneko. Masiku asanu ndi anayi okha.

Za Dreamcast zimandimvetsa chisoni mpaka pano. Makina amenewa anali ndi modemu yolowera pa intaneti pamene anzake onse analibe, koma pofika 2001 Sega inasiya kuwapanga n'kusiyiratu bizinesi ya makina. Anthu ankadikira PlayStation 2, ndipo wobwera msanga uja anafa ndi njala pakhomo pa phwando.

Ndisaiwale StarCraft, yomwe kampani ya Blizzard inatulutsa mu Malichi chaka chomwecho. Nkhani yake yeniyeni ili ku South Korea. Dzikolo linali litangogwa m'mavuto a zachuma a 1997, anthu ambiri ntchito zitawathera, ndipo malo olipira kuti usewere pa kompyuta, omwe kumeneko amati PC bang, anachuluka m'matauni. Achinyamata anadzaza m'malo amenewo kusewera StarCraft, kenako mipikisano inayamba kuonetsedwa pa TV, osewera n'kumalandira malipiro ngati a mpira. Zimene lero tikuzitcha esports zinakulira pamenepo. Ndimakonda nkhani imeneyi chifukwa ikuonetsa kuti gemu imatenga moyo wina ikafika kwa anthu amene wopanga sanawaganizire. Ifenso tinali otero ndi gemu yomenyana ya Tekken 3: wogonja amapereka kontirola kwa wotsatira, ndipo amene wasankha Eddy Gordo n'kumangodina mabatani a miyendo tinkamuletsa kusewera mpaka mawa.

Apa ndiye pamene mtima wanga umatentha. Pali anthu pa intaneti amene amati ngati sunasewere magemuwa chaka chimene anatuluka, sungawamvetse. Bodza limenelo. Ndi mawu a munthu amene sanadikirepo chinthu zaka zitatu. Ndipo chimene chimandipweteka kwambiri ndi mmene magemu ambiri a lero amatichitira. Mwagula gemu ndi ndalama zanu, mwafika kunyumba, ikukuuzani kuti mudawunilode kaye magigabayiti makumimakumi, bandulo yonse ya mwezi n'kutha musanasewere ndi mphindi imodzi yomwe. Ina ikana kutseguka ngati netiweki yathawa. Ocarina of Time yonse, ndi nkhalango zake, akachisi ake, hatchi yake ndi nyimbo zake, inakwana mu katiriji ya mamegabayiti 32. Munkaiika m'makina, n'kuyatsa, basi ndi yanu. Gemu yomwe siingagwire ntchito popanda intaneti siyanu, mwangobwereka, ndipo pamenepa sindisintha maganizo.

Muyambire pati

Sindikunamizani kuti zonse za 1998 zikadali zokoma m'manja. Resident Evil 2 yoyambirira ili ndi kayendetsedwe kouma, munthu amatembenuka ngati ngolo, ndipo ngati mwazolowera za lero ikukwiyitsani. Imeneyo sewerani yokonzedwanso ya 2019. Zithunzi za PlayStation yoyamba zimanjenjemera, nkhope za anthu zilibe maso enieni, ndipo mufunika ola limodzi kuti maso anu azolowere.

Poti muli ndi laputopu, yambani ndi Half-Life. Ili pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, ndi yotchipa, ndipo kompyuta iliyonse ya masiku ano iikwanitsa. StarCraft yoyambirira Blizzard inaipanga kukhala yaulere mu 2017. Zelda ikupezeka pa Nintendo Switch kwa olipira pulani ya pa intaneti ya Expansion Pack, kapena pa kamakina ka m'manja ka Nintendo 3DS ngati mungapeze ya 2011. Metal Gear Solid ili m'gulu la magemu lotchedwa Master Collection la 2023, ndipo imeneyi ndi yomwe ndikukupemphani kuti musaidumphe. Mukafika pa mdani wotchedwa Psycho Mantis, amene ankawerenga memory card ya munthu n'kumutchulira magemu ena a Konami omwe wasewera, musathamangire ku Google. Ife tinalibe khadi loti awerenge, ndipo tinamenyana naye masana onse Loweruka tisanatulukire chinsinsi chake. Mukamugonjetsa nokha, mundilembere, mundiuze kuti zinakutengerani nthawi yaitali bwanji.