Mafuta akatayika m'nyanja, timloze chala ndani?

Mayi wina wa ku Nkhata Bay wanditumizira imelo. Akuti anamva anthu akukangana za kukumba mafuta pansi pa madzi, wina n'kunena kuti akatayika imakhala ngozi basi, palibe wolakwa, komanso nyanja imadziyeretsa yokha. Akufuna kudziwa ngati n'zoona.

Mayi, za kusowa wolakwazo ndakana. Za nyanja kudziyeretsa zili ndi kachoonadi, koma kochepa. Ndikufotokozereni zomwe zinachitika pa nyanja ya mchere ya Gulf of Mexico mu 2010, poti nkhani imeneyo inafufuzidwa mpaka kukhoti.

Usiku wa pa 20 April 2010, chombo chachikulu chokumbira mafuta chotchedwa Deepwater Horizon chinaphulika makilomita pafupifupi 66 kuchokera kugombe la Louisiana ku America. Anthu 11 anafa. Chinayaka masiku awiri n'kumira, ndipo pansi, pakuya mamita 1,500, chitsime cha Macondo chinatsala kukamwa yasa. Mafuta anakhuthuka masiku 87 mpaka pa 15 July. Khoti linati migolo 3.19 miliyoni ndiyo inalowa m'madzi. Mgolo umodzi ndi malita 159, ndiye muwerengere nokha.

Mafuta ndi gasi akakhala pansi pa nthaka amakhala opanikizika, akungofuna potulukira. Okumba amawatsekereza ndi matope olemera amene amathira m'chitsime, komanso simenti imene amamata kunsi kwake. Ku Macondo simentiyo sinagwire. Pa tsiku la kuphulikalo anapima ngati chitsime chatsekekadi, geji n'kuonetsa kuti chinachake chikukankha kuchokera pansi. Akuluakulu a pachombo anakambirana, n'kudzilimbitsa mtima kuti gejiyo sikutanthauza choopsa. Anapitiriza kuchotsa matope aja n'kumaikamo madzi a m'nyanja, omwe ndi opepuka. Gasi anakwera ndi paipi mpaka kufika pamwamba n'kuyaka. Chipangizo chomaliza, chimene chimayenera kudula paipi ndi kutseka chitsime, chinakanika chifukwa paipiyo inali itapindika.

Apa ndi pomwe mawu akuti "ngozi" amandivuta. Ntchito inali itachedwa ndi masabata angapo, ndalama zitapyola bajeti. Pa zitsulo zoimika paipi pakati kuti simenti izungulire bwino, anaikapo 6 pomwe anawalangiza 21. Akatswiri amene anabwera kudzapima simentiyo anawabweza kumtunda m'mawa wa tsiku lomwelo asanagwire ntchito. Chilichonse pachokha chinkaoneka chaching'ono, koma zonse zinkapendekera mbali imodzi, yopulumutsa nthawi ndi ndalama.

Zitavuta, kunali kukankhirana. Chitsime chinali cha kampani ya mafuta ya BP, chombo ndi antchito ambiri anali a Transocean, simenti anamata ndi a Halliburton. Mu September 2014 woweruza Carl Barbier anagawa mlandu: BP 67 peresenti, Transocean 30, Halliburton 3, ndipo anati BP inachita zinthu mosasamala kwambiri. Kampaniyi inali itavomera kale mu 2012 milandu yokhudza imfa za anthu 11 aja, ndipo mu 2016 khoti linavomereza kuti ilipire madola 20.8 biliyoni kuboma la America ndi zigawo zisanu za m'mbali mwa nyanjayo.

Koma pamagawo a woweruzawo pakusowa dzina limodzi limene ine ndimaliona lalikulu: boma. Nthambi yake ya Minerals Management Service ndi imene inkatolera ndalama kumakampani okumba, ndi yomwenso inkayenera kuwalondalonda. Kuika fisi kuti alondere khola. Chikalata cha BP chofotokoza zomwe angachite mafuta atatayika chinkatchula walrus, nyama ya kumadzi oundana imene ku Gulf of Mexico kulibe, ndipo chinadutsa osabwezedwa. Nthambiyo anaiphwasula ngoziyi itachitika.

Tsopano za kudziyeretsa. Inde, m'nyanja imeneyo muli tizilombo timene timadya mafuta, chifukwa mafuta ena amadontha okha pansi pake kuyambira kalekale. Dzuwa nalonso limaumitsa ena opepuka. Koma izi zisanathandize, mavuwo ndi mbalame zina zinali zitakutidwa bii, nthenga zitamatana, osatha kuuluka kapena kudzifunditsa. Akamba a m'nyanja anafa ochuluka. Ma dolphin, nyama za m'nyanja zooneka ngati nsomba zikuluzikulu, a ku Barataria Bay kugombe la Louisiana anawapeza ndi matenda a m'mapapo patapita nthawi. M'madambo a Louisiana udzu unafa, ndipo udzu ukafa mizu yogwira dothi imatha, gombe n'kumagumuka. Asodzi anatsekeredwa madera aakulu kwa miyezi. Mankhwala a Corexit, malita pafupifupi 7 miliyoni, anawathira kuti amwaze mafutawo. Sanawachotse m'madzi, anangowaphwanya kukhala timadontho tobalalika, ndipo mpaka lero akatswiri amatsutsana ngati anathandiza kuposa kuwononga.

Ndikudziwa chimene chakufunsitsani. Mu 2011 boma lathu linapereka chilolezo chofufuza mafuta pa nyanja ya Malawi kwa kampani ya Surestream Petroleum, ndipo mkangano wake sunathe. Nyanja yathu si Gulf of Mexico. Ndi yotsekeka, ili ndi khomo limodzi lokha, mtsinje wa Shire, ndipo madzi ake ambiri amachoka pouma ndi dzuwa, kotero cholowamo chimakhalitsa. Ndi madzi omwe anthu a kwanuko amamwa, momwe muli usipa, chambo ndi mbuna zosapezeka kwina kulikonse. America inasonkhanitsa zombo zikwizikwi, komabe zinatenga masiku 87. Kuno zida zotsekera chitsime pansi pa madzi zingachite kubwera pamsewu kuchokera kudoko la Nacala, Beira kapena Dar es Salaam.

Ndiye akadzabwera ochititsa msonkhano kwa amfumu, mudzawafunse kuti wopima simenti ndi ndani ndipo amalipidwa ndi yani, zida zotsekera zili kuti, komanso ndalama za chipukuta misozi cha asodzi zasungidwa m'manja mwa ndani.