Mawu a Carole King si osalala, nanga Tapestry imatigwira mtima bwanji?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mmodzi mwa owerenga tsamba lino. Akuti posanthula katundu wa malemu mayi awo anapeza mbale ya galamafoni ya Tapestry, ya Carole King, chikuto chake chitayamba kunyenyeka m'makona. Poti galamafoni alibe, anaisaka pa intaneti n'kuimvera yonse kawiri. Funso lawo linali lakuti: "Mayiyu mawu ake ndi wamba, pena amachita ngati asasa. Anthu amachitamandiranji chimbale chimenechi? Amayi anga ankamvamo chiyani chomwe ine sindikumva?"

Achemwali, choyamba pepani ndi imfa ya mayi. Chachiwiri, makutu anu sanakunamizeni. Mawu a Carole King si a Aretha Franklin kapena Whitney Houston. Akakwera m'mwamba amakanda pang'ono kukhosi, ndipo pali malo ena pomwe mumamva kuti mpweya wamuthera. Iye mwini anatha zaka pafupifupi khumi akupeka nyimbo zoti aziyimba ndi anthu ena. Kuti chimbalechi chikulowereni, muyambe mwadziwa za zaka khumi zimenezo.

Carole anabadwa mu 1942 ku New York ndipo anakulira ku Brooklyn. Anakwatiwa ndi Gerry Goffin mu 1959 ali ndi zaka 17 zokha. Awiriwa ankagwira ntchito ku kampani ya Aldon Music pa msewu wa Broadway, m'tizipinda ting'onoting'ono tokwana piyano ndi mipando iwiri basi. Gerry ankalemba mawu, Carole n'kuwaveka chuni. Mu 1960 anapeka "Will You Love Me Tomorrow", gulu la atsikana la The Shirelles n'kuiyimba, ndipo inafika pa nambala 1 ku America. Mu 1962 anatulutsa "The Loco-Motion", yomwe anaipereka kwa Little Eva, mtsikana amene ankawalerera ana. Mu 1967 Aretha Franklin anayimba "(You Make Me Feel Like) A Natural Woman". Nyimbo zonsezi dziko linkazivina, koma dzina la Carole linkangokhala m'tizilembo ting'ono pansi pa mutu wa nyimbo, pamene anthu ambiri sayang'anapo n'komwe.

Banja lija linatha mu 1968. Carole ananyamula ana ake aakazi awiri n'kusamukira ku Laurel Canyon, m'mapiri a mumzinda wa Los Angeles, komwe oyimba ambiri a nthawi imeneyo ankakhala moyandikana. Ankachita mantha kwambiri kuyimirira pamaso pa gulu. Amene anamulimbitsa mtima anali woyimba mnzake James Taylor, yemwe Carole ankamuyimbira piyano. Chimbale chake choyamba payekha, Writer, chinatuluka mu 1970 koma sichinapite patali. Kenako mu January 1971 analowa mu situdiyo ya A&M ku Hollywood ndi Lou Adler, yemwe ankatsogolera ntchito yojambula chimbalechi, ndipo pa 10 February chaka chomwecho Tapestry inali pamsika, tsiku limodzi chikwanitsireni zaka 29.

Apa ndi pamene pagona yankho la funso lanu. M'zaka zija Carole akapeka nyimbo, ankaijambula mwachidule, iye ndi piyano, kuti woyimba amene aitenge amve mmene ikuyendera. Lou Adler anaona kuti anthu a m'makampani a nyimbo ankakonda zojambula zoyeserazo mpaka kumazisunga. Ndiye anaganiza zoti chimbalechi chimveke chimodzimodzi: piyano patsogolo, mawu pafupi ndi khutu, zida zina zizingothandizira chapatali. Kusasa komwe mukumvako sikuti anakuphonya pokonza ayi. Anakusiya dala.

Ine chimbalechi ndinachimva koyamba kwa amalume anga, omwe anali ndi galamafoni yakale yoti ankachita kuikira kandalama pamwamba pa mkono wa singano kuti isamadumphe. Ndinali mwana, Chingerezi ndinkangotolako liwu limodzilimodzi. Chimene chinandigwira chinali piyano ya poyambirira pa "I Feel the Earth Move". Mayiyu piyano sayisisita, amayimenya ngati akusinja, dzanja lamanzere likugunda pansi mofanana ndi ng'oma. Mukabwereranso kukamvera, yesani kusiya kaye mawuwo, mutsate dzanja lamanzerelo kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza. Mphamvu yomwe mukuisowa pakhosi pake ili m'manja.

Kenako muchite ichi, ndipo musachite mothamanga. Mverani "Will You Love Me Tomorrow" ya The Shirelles, ya 1960. Ndi yothamanga, ili ndi mavayolini, ndi yovinika. Ndi mtsikana amene akufunsa mnyamata ngati chikondi cha usiku uno chidzakhalepobe kukacha, koma akufunsa ali ndi chiyembekezo. Mukatero mverani ya pa Tapestry. Mawu ndi omwewo, palibe chosintha. Koma tsopano ikuyenda pang'onopang'ono, ndipo woyimbayo ndi mayi wa ana amene banja lake ndi mwamuna yemwe analemba mawu omwewo linatha. Funso lija akulifunsa munthu amene anaona kale mmene kumachera. Kumbuyo kwake mukumveka mawu a James Taylor ndi Joni Mitchell, yemwe masiku omwewo ankajambula chimbale chake cha Blue m'chipinda china cha situdiyo yomweyo. Ine ndikafika pa nyimbo imeneyi ndimasiya chilichonse chomwe ndikuchita, ngakhale ndiwo zili pamoto.

"It's Too Late" ndi ina yofuna kukhalira pansi. Mawu ake analemba ndi Toni Stern. Nyimbo zambiri za kutha kwa chikondi zimakhala zolira kapena zotukwana. Iyi ndi ya mkazi amene akuuza mwamuna modekha kuti zatha, tinayesetsa tonse, ndipo palibe woti timuloze chala. Mu 1971 sizinali zachizolowezi kumva mkazi pa wayilesi akuthetsa yekha chibwenzi popanda kupepesa kapena kupempha. Pakati pake gitala ya Danny Kortchmar imalankhula pang'ono, sakisofoni ya Curtis Amy n'kuyankha, zonse mosakweza mawu, ngati anthu awiri akugawana katundu wa m'nyumba mwamtendere. Nyimboyi inakhala pa nambala 1 kwa masabata 5.

Sindinganame kuti nyimbo zonse 12 ndimazikonda mofanana. "Smackwater Jack" ndimaidumpha kawirikawiri, imandionekera ngati mlendo pakati pa zinzake. Nayo nyimbo yomwe inapatsa chimbalechi dzina ili ndi mawu ophiphiritsa amene sandifika pamtima ngati zinazo.

Za kutchuka kwake n'zosachita kufunsa. Chinakhala pa nambala 1 ku America kwa masabata 15 otsatizana, ndipo mu 1972 chinatenga mphoto 4 za Grammy, kuphatikizapo ya chimbale chopambana pa chaka ndi ya nyimbo yopambana pa chaka, ya "You've Got a Friend". James Taylor anaiyimbanso nyimbo imeneyi chaka cha 1971 chomwecho ndipo yake inafika pa nambala 1. Koma mphoto si zimene zinachititsa mayi anu kusunga mbaleyo zaka zonsezi.

Taonani chikuto chomwe muli nachocho. Carole wakhala pawindo la kunyumba kwake, wopanda nsapato, tsitsi losakonza, wavala juzi ndi jinzi, m'manja muli nsalu yomwe ankapeta yekha, patsogolo pake pali mphaka wake Telemachus. Palibe zodzoladzola, palibe diresi la pasiteji. Ndikuganiza kuti akazi ambiri a m'badwo wa mayi anu anaona pachikutopo munthu wofanana nawo, ndipo atayika mbaleyo anamva mawu oti nawonso angathe kuyimba nawo akuchapa kapena akusita. Aretha mumamumvera mutatsegula pakamwa ndi kudabwa. Carole mumapezeka kuti mwayamba kuyimba naye. Nyimbo yomaliza, "A Natural Woman", akuyiyimba ndi piyano ndi besi basi, podziwa bwino lomwe kuti Aretha anaifikitsa kale kumwamba, koma sakupikisana naye. Mu 2015, pa mwambo wolemekeza akatswiri a luso wa Kennedy Center Honors ku Washington, Aretha anaiyimba pamaso pake, ndipo Carole anadzuka pampando akufuula ndi chimwemwe ngati mwana.

Palinso "Where You Lead", yomwe poyamba inali ya mkazi wotsatira mwamuna kulikonse. Patapita zaka Carole anaijambulanso ndi mwana wake Louise Goffin, mawu atasinthidwa kuti ikhale ya mayi ndi mwana wake wamkazi. Imeneyo muisake, koma tsiku lomwe mtima uli m'malo.

Mbale ija musaitaye kapena kuigulitsa. Itulutseni m'chikuto, muigwire m'mbali, muipendeke pa kuwala kwa pawindo. Nyimbo iliyonse ili ndi kabwalo kake, ndipo yomwe singano inadutsapo kambirimbiri imaoneka yotuwa kuposa zinzake. Kumbali yoyamba kuli nyimbo 6, kuyambira "I Feel the Earth Move" kunja mpaka "Way Over Yonder" mkati, ndipo mbali yachiwiri imayamba ndi "You've Got a Friend". Muwerenge kuchokera kunja kulowa mkati, mudzandilembere kuti yotuwa kwambiri ndi iti.