Kagalimoto ka gofu ka nkhope ya Rolls-Royce: yankho kwa achimwene a ku Joni

Achimwene, zithunzi zimene mwaponya mu gulu lathu lino ndaziona. Mwati abwana anu ku Joni akufuna kutaya kagalimoto ka gofu kamene kakhala m'galaja zaka zambiri, kutsogolo kwake kuli ngati Rolls-Royce, ndipo mukufunsa ngati ndi Rolls-Royce yeniyeni komanso ngati n'koyenera kuthirapo ndalama. Si Rolls-Royce ayi. Koma musalole kuti kapite kwa ogula zitsulo musanagwade n'kusuzumira kunsi kwake, chifukwa yankho la funso lachiwirilo lili kumeneko, osati pa mphuno yonyezimirayo.

Timagalimoto timeneti kwawo ndi ku America. Merle Williams anayamba kupanga ta magetsi mu 1951 ku Redlands, California, dzina lake Marketeer. Mu 1954 abale awiri a kwa Dolan anayambitsa kampani ya E-Z-GO ku Augusta, Georgia, ndipo kampani ya Textron inaigula mu 1960. Club Car inayambira ku Houston mu 1958, kenako nayo inasamukira ku Augusta komweko. Poyamba anthu ankati n'ta okalamba ndi odwala miyendo, mpaka eni makalabu anazindikira kuti kubwereketsa kagalimoto kumalowetsa ndalama, ndipo anyamata onyamula zikwama za gofu ntchito inayamba kuwathera. Kwathu kuno, mukapita ku Lilongwe Golf Club, onyamula zikwamawo (makadi) muwapeza akadali pa ntchito, n'chifukwa chake ambiri tinakula osatiwonako pafupi.

Nkhani ya nkhope zapamwambazi inabwera chifukwa cha anthu olemera opuma pa ntchito a m'madera ngati Palm Springs ndi Palm Desert ku California. Kumeneko kagalimoto kanasiya kukhala ka pabwalo pokha, kanakhala koyendera popita kwa anansi, ndiye aliyense ankafuna kake kaoneke mosiyana. George Barris, mmisiri wotchuka wa magalimoto a m'mafilimu, anapangira wanthabwala Bob Hope kagalimoto kooneka ngati nkhope ya mwini wakeyo, mphuno ndi chibwano zili patsogolo. Kampani ya Elmco inkagulitsa ya mtundu wa Royal Ride, yotengera maonekedwe a Rolls-Royce. Amisiri ena ang'onoang'ono ankangoumba bodi ya fiberglass n'kuiveka pa chasisi ya E-Z-GO kapena Club Car, n'kuwonjezera wailesi, kapeti, mipando ya chikopa ndi kabokosi koziziritsira zakumwa. Ndiye chimene muli nachocho ndi suti yaukwati yovekedwa pa thupi la munthu wamba, ndipo zimenezo n'zabwino kwa inu: masipeya a thupi lawambalo amapezeka, pamene bodiyo ikaphwanyika simudzaipezanso kwina kulikonse.

Choyamba dziwani kuti chasisiyo ndi ya ndani. Tengani maginito muikhudzitse pa felemu. Ikakana kumata, felemuyo ndi ya aluminiyamu ndipo n'kutheka kwambiri kuti ndi Club Car, imene siichita dzimbiri. Ikamata ndi yachitsulo, monga za E-Z-GO ndi Yamaha. Kenako funani kachitsulo kolembedwa nambala, kawirikawiri kamakhala kunsi kwa dashibodi mbali ya pasinjala kapena pansi pa mpando. Pa Club Car zoyambira m'ma 1980, manambala awiri otsatira chilembo choyamba ndiwo chaka: A85 ndiye kuti ndi ya 1985. Osaitanitsa sipeya iliyonse musanadziwe zimenezi.

Mukatukula mpando mudzapeza mabatire kapena injini. Ngati ndi mabatire, za nthawi imeneyo zambiri zinali za mavoti 36, mabatire 6 a mavoti 6 olumikizidwa motsatizana. Limodzi, ngati Trojan T-105, limalemera makilogalamu pafupifupi 28. Amene akhala zaka osatchajidwa anafa basi, musamvere wina wokuuzani kuti awadzutsa pothira asidi watsopano. Atulutseni onse, mutsuke pamene anakhalapo ndi madzi osakaniza soda, muumitse, ndiye mutenge sikuludiraiva muzibaya felemu pansi pa thireyi ya mabatire. Apa ndi pamene timagalimoto tachitsulo timafera. Asidi amadontha pang'onopang'ono kwa zaka, pamwamba penti akuoneka bwinobwino, koma mukabaya chitsulo chimangoyoyoka ngati makala. Thireyi yokha ikadyeka si nkhani, wowotcherera aliyense akupangirani ina ndi angle iron. Koma ngati mizati ikuluikulu ya felemu yaboka pamene pamangidwa masipuling'i, khalani pansi muwerengere bwino, chifukwa kumeneko ndiye kumanga galimoto yatsopano.

Pafupi ndi mota mudzaona mawaya okhuthala opotanapotana. Amenewo ndi ma resistor, ndipo ndiwo ankachepetsa liwiro makontorola a masiku ano (timabokosi towongolera magetsi opita ku mota) asanabwere. Mukaponda pang'ono, magetsi ambiri amangopsera m'mawaya amenewo, amatentha mpaka kufiira, moti kuyenda pang'onopang'ono kumadya batire popanda phindu ndipo udzu wouma ukakodwa pamenepo umayaka. Ine pamenepa sindikhala wamakani pa zoti zonse zikhale zakale: ikani kontorola yatsopano, monga ya Curtis, ndi solenoid (switchi yaikulu yolumikiza ndi kudula magetsi) yogwirizana nayo, koma zakalezo muzisunge m'katoni. Wogula amene amakonda zakale adzazifuna. Za mabatire a lithium ndinganene kuti ndi opepuka ndipo safuna kuthira madzi, koma osawalumikiza ku ma resistor akale aja. Yesani kaye mota ndi mabatire obwereka, matayala akumbuyo ali m'mwamba pa jeke, musanagule kalikonse.

Chenjerani ndi tchaja. Ngati inachokera ku America ndi ya mavoti 110 mpaka 120, pamene ku South Africa ndi kwathu magetsi ndi a 230. Mukangoilowetsa pakhoma yapsa. Werengani kachikwangwani kake kaye. Ndipo potchaja tsegulani galaja, mabatire a asidi amatulutsa mpweya wosachedwa kuyaka.

Ikakhala ya petulo nkhani yake ndi ina. Harley-Davidson inapanga timagalimoto ta gofu kuyambira 1963 mpaka 1982, toyamba tinali ta matayala atatu, towongolera ndi chitsulo chopindika m'malo mwa chiwongolero chozungulira, injini ya two-stroke ya 245cc. Kampaniyi inali itagula gawo lalikulu la fakitale ya maboti ya Tomahawk, ndipo luso la fiberglass linachokera kumeneko. Injini zimenezi, ngakhalenso ya Yamaha G1, zilibe giya ya rivesi: mukafuna kubwerera m'mbuyo injini yonse imazungulira chobwerera. Makaniko wosazidziwa akhoza kumasula zonse kufunafuna giya imene kulibe. Komanso sizilira zikaima. Mukaponda mafuta ndi pamene imadzuka, mukachotsa phazi imazima, ndipo sikuti yawonongeka. Ikakhala nthawi yaitali, chimene chimafa ndi masilo a pa crankshaft, mapaipi a mafuta ndi lamba, kabureta nayo imatsekeka ndi petulo wakale. Masilowo akauma imakoka mpweya m'mbali, imavuta kulira, ndipo mukaikakamiza pisitoni imapsa.

Pa bodi ndi pamene ndikupemphani kuti mudekhe. Anthu ambiri amayambira ku penti chifukwa ndi amene amaoneka, n'kudzapeza felemu yowola ndalama zitatha. Penti akhale womaliza. Jambulani zithunzi musanamasule chilichonse, mabawuti muziika m'timapepala tolembedwa, ndipo dziwani kuti a ku America ndi a mainchesi, sipanala ya 13 idzangokudyerani mitu ya mabawuti a hafu inchi. Mng'alu wa fiberglass amaukonza kuchokera mkati: kupala m'mbali mwake, kuyala nsalu yake ndi resin magawo angapo, kenako kusalaza kunja. Kungopaka filler pamwamba, mng'alu umabwerera pakangotha miyezi. Ntchito imeneyi ipatseni wokonza maboti kapena makanope a mabaki, osati wowongola mabodi achitsulo. Gilu yakutsogolo (mphuno yonyezimira ija), mabaji, magetsi ndi timizere tonyezimira musataye ngakhale titathetheka, ndipo musaboole bodi kuti muikepo masipika. Kukweza kagalimoto n'kuika matayala akuluakulu nakonso ndikukuletsani. Kamagubuduzika msanga pokhota, mabuleki ake ndi a matayala akumbuyo okha, ndipo mtengo wake ngati chinthu chakale umatheratu.

Ena mu gulu muno akuti mukabweretse kumudzi. Kamayenda makilomita 20 kapena kuposerapo pang'ono pa ola, ndipo m'mimba mwake muli pafupi ndi nthaka, msewu wa kwathu wa dzinja sikangauthe. Pa loji ya kunyanja kapena ponyamula akwati pabwalo la ukwati, pamenepo kakhoza kubweza ndalama, koma muwerengere thiransipoti ndi msonkho wa pachipata musanasangalale.

Jambulani kachitsulo ka nambala kaja, pansi pa mpando, ndi felemu pansi pa mabatire mutatsuka, muponye pompano tione chimene chili kunsi kwa nkhopeyo.