Fulu akupepuka ali m'tulo ta nyengo yachisanu: kodi adzutsidwe?

Mayi wina wokhala mumzinda wa Leeds ku England wanditumizira imelo yokhudza fulu wake wa mtundu wa Hermann, yemwe anamugoneka m'firiji kumayambiriro kwa Disembala kuti agone tulo tatitali timene afulu otere amagona m'nyengo yachisanu, akulemera magalamu 900, koma patatha milungu isanu sikelo ikusonyeza magalamu 888. Akufunsa ngati ayenera kumudzutsa.

Mayi, pa zimene mwalembazi sindikuona chifukwa chomudzutsira panopa. Fulu wathanzi akakhala m'tulo totere amataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a kulemera kwake pamwezi, zomwe kwa wanuyu ndi magalamu 9, choncho magalamu 12 pa milungu isanu sanatalikirane kwenikweni ndi mlingowo. Malire amene amatchulidwa kawirikawiri ndi magawo 10 mwa 100 pa tulo tonse, koma ine sindingakulangizeni kudikira mpaka atataya magalamu 90. Muzimuyeza mlungu uliwonse pa sikelo ya kukhitchini yowerenga galamu imodziimodzi, n'kumalemba m'kabuku, chifukwa chimene chimaulula vuto ndi kutsika kwadzidzidzi.

Pomuyezapo, mugwire pepala limene wagonera. Mukalipeza lanyowa, kapena pali zoyera zooneka ngati laimu, ndiye kuti wakodza, ndipo apa musazengereze ngakhale tsiku limodzi. Fulu amasunga madzi m'chikhodzodzo ndipo ndi madzi amenewo amene amamufikitsa kumapeto kwa tulo, moti akawataya thupi limauma ndipo impso zikhoza kuwonongeka. Mumudzutse, ndipo musamugonekenso chaka chino.

Onaninso kazizidwe ka firiji yanu, komwe kayenera kukhala pafupi ndi madigiri 5. Kukapyola madigiri 10 thupi lake limayamba kugwira ntchito n'kumatha mafuta amene anasunga, pomwe kukafika pa 0 kuzizira kukhoza kumuchititsa khungu kapena kumupha. Chitseko muzichitsegula kwa kanthawi tsiku lililonse kuti mulowe mpweya wabwino.

Ndinenepo kwa anzathu amene tinakula tikuona afulu kwathu: fulu wamawanga ngati kambuku uja, ndiponso uja wotseka chigoba chake kumbuyo, sagona tulo totere ayi, ndipo kumuika m'firiji n'kumupha. Malangizo ndaperekawa akukhudza afulu a kumadera ozungulira nyanja ya Mediterranean, monga a mtundu wa Hermann, ndi a mtundu wa Horsfield.

Nthawi yomudzutsa ikakwana, zomwe kwa fulu wamkulu n'zabwino kuti zisapitirire milungu 12, mumusiye m'chipinda chofunda kwa maola angapo, kenako mumuike m'beseni la madzi ofunda ofika m'chibwano kuti amwe, ndipo mumuyatsire nyale yowothera ya madigiri pafupifupi 30. Kumwa ndiko kofunika kuposa kudya m'masiku oyambawo. Akatha mlungu osadya, kapena mukaona maso olowa m'kati ndi mphuno zotuluka mamina, mupite naye kwa dokotala wa ziweto wodziwa za nyama zokwawa, mutatenga kabuku kanu kaja.