Uthenga wa "Check injection" pa dashibodi: musathamangire kugula mainjekita

Bambo wina wa ku Lilongwe watitumizira imelo. Ali ndi Renault Duster ya dizilo, ya injini ya 1.5 dCi, yomwe anagula ku Johannesburg. Akuti: "Pa dashibodi pakumabwera mawu akuti Check injection pamodzi ndi kasipanala. Ndikamakwera chitunda galimoto imafooka, koma ndikazimitsa n'kulizanso imayenda bwino kwa kanthawi. Makaniko akuti ndisinthe mainjekita onse anayi. Ndigule?"

Bambo, ndalamazo zisungeni kaye. Uthengawu umachokera ku kompyuta yoyendetsa injini, ndipo imaulemba ikaona vuto pa china chilichonse chimene imayang'anira: mahita pulagi (otenthetsa m'masilinda poliza injini), vavu ya EGR (yobwezera utsi wina mu injini), tebo (yokankhira mpweya mu injini), sensa ya mpweya, fyuluta ya dizilo, ngakhale kaswichi ka pa buleki. Mainjekita, omwe amapopera dizilo m'masilinda, ali m'gululo, koma ndiwo okwera mtengo, choncho ayesedwe komaliza. Kufookako n'kwadala. Kompyuta imachepetsa mphamvu pofuna kuteteza injini, ndipo mukazimitsa imayambiranso kuyang'ana mpaka vutolo lionekenso.

Onani mtundu wa nyali. Kasipanala ka orenji kakutanthauza kuti mungathe kuyenda pang'onopang'ono mpaka ku galaja. Koma pakayaka STOP wofiira, imani pambali n'kuzimitsa injini pompo.

Choyamba n'kuwerenga makodi, manambala amene kompyuta imasunga osonyeza vuto limene yaona. Galimotoyi ili ndi soketi ya OBD ya timabowo 16, ndipo kachipangizo kotsika mtengo ka ELM327 kolumikiza ku foni kamawerenga makodi ambiri a injini. Ena sikawaona, chifukwa a Renault ali ndi makodi awoawo oyamba ndi DF omwe amawerengedwa bwino ndi makina awo otchedwa CLIP kapena makina ena akuluakulu. Apa pali cholakwika chimene timachiona kawirikawiri: munthu aika galimoto pa kompyuta, afufuta makodi, nyali yazima, alandira ndalama. Mawa lake nyali yabwerera ndipo umboni unatayika. Jambulani makodi onse ndi foni asanafufutidwe. Kenako fufutani, kwerani chitunda chomwecho, muwerengenso. Nambala imene yabwerera ndiyo muigwire.

P0087 imanena kuti presha ya dizilo mu relo (paipi yachitsulo yogawira dizilo ku mainjekita) ndi yochepa. P0299 ndi tebo yosakankha mpweya wokwanira. P0401 ndi EGR, P0380 ndi mahita pulagi, pomwe P0201 mpaka P0204 akunena za magetsi opita ku injekita iliyonse, ndipo nthawi zambiri wolakwa amakhala waya kapena pulagi yake.

Malinga ndi mmene mwafotokozera, vuto lanu limabwera injini ikalemedwa. Pamenepo ife timakayikira zinthu ziwiri: mpweya ukuthawa, kapena dizilo sakufika wokwanira.

Za mpweya sizifuna makina. Injini itazizira, tsatirani paipi yaikulu ya rabala yochokera ku tebo kupita ku intercooler (choziziritsa mpweya wochokera ku tebo) ndi yobwerera ku injini. Ifinyeni ndi manja mbali zonse, makamaka kunsi ndi pamene yapindika. Mng'alu wake umabisala: injini ikangolira poima umakhala wotseka, umatseguka tebo ikakankha. Chimene chimauulula ndi oyilo wakuda wonyowa pamalo amodzi, wogwira fumbi, ndiponso kamluzu kapena phokoso loti fuuu mukaponda mafuta, nthawi zina ndi utsi wakuda kumbuyo. Onaninso timapaipi tating'ono ta vacuum topita ku tebo, chifukwa timauma n'kusweka kumapeto.

Za dizilo ndiye pofunika kudekha. Pampu ya injini imeneyi imakweza presha kuchoka pa mabar pafupifupi 250 injini ikungolira poima kufika kupyola 1,000 pa chitunda. Fyuluta yotsekeka pang'ono imadutsitsa dizilo wokwanira kuyenda m'tauni, koma pa chitunda imalephera, presha imagwa, kompyuta n'kudula mphamvu. Dzifunseni kuti fyuluta inasinthidwa liti, komanso ngati nthawi ya kusowa kwa mafuta munathirapo dizilo wa m'zigubu. Dizilo wotere amatha kukhala ndi madzi, litsiro kapena palafini, ndipo palafini alibe kutelera kumene pampu imadalira kuti isadyeke. Masulani fyuluta, khuthulirani dizilo wake m'botolo loyera loonekera mkati, mulisiye mphindi khumi. Madzi amakhala pansi pa dizilo, malire ake ooneka bwino. Kenako unikani ndi tochi. Mukaona tizitsulo tonyezimira ngati mchenga wa siliva, yendetsani maginito kunja kwa botolo. Tikamatsatira maginitoyo, pampu yayamba kudyeka. Vuto limeneli linadziwika kwambiri pa injini zakale za 1.5 dCi zokhala ndi pampu ya Delphi. Zikatero, kuika mainjekita atsopano okha n'kutaya ndalama, chifukwa tizitsulo tili mu thanki, mu relo ndi m'mapaipi, ndipo tidzaononga atsopanowo. Pamafunika kusintha pampu ndi kutsuka njira yonse ya dizilo.

Ngati dizilo ndi woyera, ikani fyuluta yatsopano, popani kampira ka pamanja kokokera dizilo mpaka kalimbe, muyesenso. Kampirako kakamaphwa injini ikulira, chotseka chili cha ku thanki. Thovu m'paipi likusonyeza kuti mpweya ukulowa penapake. Makaniko wodziwa ntchito amakhala pampando wa pambali ndi makina, n'kumayerekeza presha imene kompyuta ikufuna ndi imene ilipodi pamene mukukwera. Manambala awiriwo ayenera kuyendera limodzi.

Musaiwale batire. Galimoto itagona usiku iyenera kuonetsa mavoti pafupifupi 12.6, ndipo injini ikulira pakati pa 13.8 ndi 14.5. Batire yofooka imabweretsa makodi abodza. Mahita pulagi ndi osavuta: abwino amawerenga pafupifupi 1 ohm pa mita, koma iwo amavutitsa poliza m'mawa kukazizira, osati pa chitunda.

Zonsezi zikapezeka zili bwino, mainjekita ayesedwe asanazulidwe. Injekita iliyonse imabweza dizilo pang'ono ku thanki, ndipo yodyeka imabweza wambiri mpaka relo imalephera kusunga presha. Makaniko achotse timapaipi tobweza dizilo, atseke paipi yotsala, alumikize timapaipi toonekera totalika mofanana kupita m'timabotolo tinayi tofanana, injini ilire mphindi ziwiri kapena zitatu. Botolo limene ladzaza kuwirikiza anzake ndilo likuloza injekita yolakwa. Kawirikawiri imakhala imodzi kapena ziwiri. Amene wakuuzani kuti musinthe onse anayi mumufunse ngati anachita zimenezi, ndipo akuonetseni mabotolowo. Chenjeraninso ndi kawerengedwe: pa injini iyi silinda 1 ili mbali ya giya bokosi, osati ya lamba, moti anthu amazula injekita yabwinobwino chifukwa chowerengera mbali yolakwika.

Injekita ikasinthidwa pamafunika washa watsopano wa kopa ndi kupukuta bwino pamene imakhala, apo ayi utsi umatulukira m'mbali n'kuunjika phula lakuda lolimba. Nambala ya kodi yolembedwa pa injekitayo iyenera kulowetsedwa mu kompyuta pa silinda yake, kupanda kutero injini imagogoda ndipo uthenga umabwerera. Ndipo wina asamasule paipi yachitsulo ya relo injini ikulira, kapena kufufuza podontha ndi chala. Dizilo wa presha imeneyo amabowola khungu. Zimitsani, dikirani mphindi zingapo presha igwe, ndipo pa bowo lililonse lotseguka muvindikire kuti fumbi lisalowe.